Mtunda Wachabe Wopita kwa Amayi

Mlongo wanga ndinamubereka kumsana pamene tinkathawa nkhondo ku Mozambiki, choncho palibe angandiuze kuti ndizimuopa chifukwa cha masukulu ake. Anandikodzera msana wonsewu kuchokera kwathu mpaka kuno ku Mlolo. Anthu akuno akamamutchula amatsitsa mawu ngati akutchula bishopu. Ine ndimangopitiriza kuponda makina anga osokera.

Amayi sanafike kuno. Anadwala tili m'tchire ndipo anamwalira tisanadutse malire. Atate ndi amuna ena awiri amene tinkathawa nawo anakumba manda mofulumira, ife ana atatikhazika patali. Zimene ndimakumbukira ine ndi kulemera kwa khanda kumsanaku ndi nyerere zimene zinkandiluma m'miyendo, basi. Amuna awiri aja anamwalira kalekale, ndiye wodziwa malowo anatsala mmodzi yekha, atate. Ankati kuli phiri lokhala ndi chimwala chong'ambika pamwamba, ndipo ukaima pamene thambo likuonekera pamng'alupo, mtsinje uli kumbuyo kwako, waima pamutu pa amayi. Ndikawafunsa kuti phiri lake liti, poti mapiri a miyala kumeneko ndi ambirimbiri, ankangoti, "Ndikaliona ndidzalizindikira."

Kwa zaka zambiri nkhaniyi sankaikamba. Poyamba anthu ankaopa mabomba okwirira, kenako panali minda yoswa ndi ana olera. Atate anaiyamba atakalamba, maondo atayamba kukana. Ankafuna kutisonyeza tonse awiri pamodzi, ine ndi mlongo wanga, kuti pasadzakhale wonena kuti sanaone. Njira zachidule zodutsa m'mapiri sakanazithanso, ngakhale pa njinga. Pankafunika galimoto yozungulira kuchipata cha malire, ndiponso pankafunika mwana wawo wamwamuna, amene nthawi imeneyo anali kutsidya kwa nyanja.

Ntchito ya mlongo wangayo ndiifotokoze, chifukwa anandifotokozera mpaka makutu kuwawa. Kumene ankakhalako kunali ndege yaikulu imene anaiboola m'nthiti n'kuikamo chigalasi choonera nyenyezi. Chigalasicho sichinkafuna kuwala kumene timaona ndi maso ayi, koma kuja kokhala ngati kutentha kumene umamva pankhope ukayandikira mbaula. Akuti chinyezi cha mumlengalenga chimameza kuwala koteroko kusanafike pansi, n'chifukwa chake ankakwera nacho pamwamba pa mitambo. Vuto lake, chitseko cha chigalasicho chinali kumanzere kokha. Kuti aone nyenyezi inayake, ndege yonse inkayenera kutembenuka n'kuilozetsa nthiti, ndiye kumene nyenyeziyo yawalozetsa mphuno ndi kumene ankapita, afune asafune. Akaiyang'ana nthawi yaitali inkawakokera kutali, pamene kunja kusanache ankayenera kukhala atabwerera pabwalo pomwe ananyamukira, mafuta asanathe.

Opempha kuti awaonere nyenyezi zawo anali ambiri kuposa nthawi imene inalipo. Apa ndi pamene pankalowa mlongo wanga. Iye sanali woyendetsa ndege, sanalinso wodziwa nyenyezi. Anali m'gulu lolemba pulogalamu ya kompyuta yosanja ulendo: iyi iyambe, iyi itsatire, iyi isiyidwe. Pempho lililonse linkapatsidwa kulemera kwake, kompyuta n'kuyesa njira zosawerengeka mpaka itapeza yokolola zambiri. Chimene ankadana nacho kwambiri chinali kuuluka chitseko chili chabe, kungosuntha ndege kuti ikafike poyambira nyenyezi ina. Umenewo ankautcha mtunda wachabe. Nyenyezi imodzi yofuna mtunda wachabe wautali inkagonja kwa zingapo zoyandikana, ndipo mwini wake ankauzidwa kuti adikire chaka chamawa, poti nyenyezi sizithawa.

Sindikana kuti ndi nzeru. Ndinangodabwa kuti munthu angasiye dziko lake n'kukakalamba akuthandiza ndege yosayang'ana kumene ikupita.

Anabwera m'chilimwe, titakolola kale mtedza, pa galimoto yobwereka ku Chipata, tchuthi chake chili chachifupi. Anali atanenepa m'khosi. Madzi ankamwa a m'botolo lake lokha, ndipo akafuna kunena mawu ena a Chichewa ankayamba wayang'ana kudenga ngati anawapachika kumeneko. Komabe ndinakondwa kumuona, ndisaname. Ndinamuphera nkhuku, atate n'kumamuyang'ana akudya ngati akuonera mpira.

Munthu amene wakhalitsa kunja amapeza maliro ambiri atamudutsa, ndipo mwambo wathu ndi woti akapepese khomo ndi khomo. Panali kwa amalume ku Zemba, kwa azakhali ku Pembamoyo, kwa aphunzitsi ake akale amene anataya akazi awo, ndi makomo ena a anthu amene tinathawa nawo limodzi. Panalinso sukulu imene inkafuna kuti akalankhule kwa ana, ndi anzake a pa boma. Mmawa wotsatira anatulutsa kompyuta pakhonde, naiika pa tebulo langa lodulirapo nsalu, n'kunena kuti asanja zonse kuti pasakhale wodandaula. Ankandifunsa kutalika kwa msewu uliwonse, milatho yothyoka, ndi makomo amene sakulola kuchoka usanadye. Zonsezo ankazilowetsa, akumwetulira yekha ngati mwana amene wapatsidwa wilo yoti aziyendetsa.

Atafika pa ulendo wa kumanda anatembenukira kwa atate, amene anakhala pampando wawo akusenda chinangwa.

"Atate, ulendo wa kutsidya uja, mwa zonsezi, tiuike pati? Ndi wofunika kwambiri, pakatikati, kapena ungadikire?"

Atate anaseka pang'ono, maso ali pa chinangwa. "Aa, zangazo n'zazing'ono, bambo. Yambani mwaona anthu. Ngati mpata utapezeka, chabwino."

Mlongo wanga anagwedeza mutu n'kudina batani.

Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti munthu wamkulu sapempha mwana wake chinthu mwachindunji. Akachichepetsa ndiye kuti chamukhala pamtima. Mlendo akati wakhuta umamuwonjezera ndiwo. Gogo akati bulangeti lakale likadali bwino, umadziwa kuti usiku akugona ndi chisanu. Mlongo wanga anakulira m'nyumba yomweyo, anadya mawu oterowo pamodzi ndi phala, ndipo sangandinamize kuti anaiwala. Anamva bwinobwino. Kungoti yankho la atate linamukomera.

Ndinamutsatira kuseri kwa nkhokwe kumene ankasaka netiweki.

"Iwe, walemba chiyani pa za atate?"

"Zimene anena okha, alongo. Munalipo."

"Ndinalipo, ndipo ndamva munthu amene wadikira zaka zonsezi."

Anapumira m'mwamba monga amachitira anthu ophunzira akamalankhula ndi telala. Ananditembenuzira kompyuta ija kuti ndione mizere yofiira ndi yobiriwira. Makomo onse opepesa anali moyandikana, ukachoka pano ugwera apo. Manda a amayi anali okha kutali, kuzungulira kuchipata cha malire, kudikira mapepala a galimoto, kenako msewu woipa wopanda khomo ndi limodzi lomwe loti tiimepo. Kupita ndi kubwera kukanadya pafupifupi theka la tchuthi chake.

"Taonani, alongo, wonsewu ndi mtunda wachabe. Ndikauika, makomo ambiri agwa. Ndikauchotsa, aliyense aonedwa. Chaka chamawa ndidzabwerera umenewu wokha, tidzapite mosathamanga."

"Wachabe," ndinatero. "Kumene kwagona mayi ako."

"Ndi mawu a kuntchito chabe. Musawatengere pamtima."

Ndinamuuza kuti makomo enawo ndikhoza kukamupepesera ndekha, anthu akanamvetsa. Anati sizingaoneke bwino. Pamenepo ndiye ndinaona pamene panagona nkhani. Kumakomoko kunali anthu oti amuone akutsika m'galimoto. Kumandako kunalibe womuombera m'manja.

Madzulo ndinayesa kuwauza atate kuti alankhule momveka. Anandidzudzula ngati kamtsikana. Anati mwana wachokera kutali, ali ndi zambiri, ndipo si bwino kumuumiriza ngati wangongole. Anati iye ndi wanzeru, aona yekha. Atatero anandipempha kuti ndiwabwezere jekete lawo lakuda, lija ankavala kutchalitchi, poti linali litayamba kuwakhuthukira m'mapewa. Ndinalibweza madzulo omwewo kusanade. Anapemphanso kaufa koyera pang'ono, ndinawamangira m'kansalu, iwo n'kukaika m'thumba la m'kati. Ankati akakathire pamanda, awauze amayi kuti ana aja ndi awa, anakula.

Kuyambira tsiku limenelo, mmawa uliwonse atate ankasamba molawirira, kuvala jekete lija ndi nsapato zopukuta, n'kukhala pakhonde moyang'ana galimoto. Mlongo wanga ankatuluka ndi botolo lake la madzi, kuwapatsa moni mwaulemu wonse, n'kuwauza kumene kompyuta yatilozera lero. Tsiku lina mpaka anawayamikira. "Koma atate mwatchena, jeketeli likukukhalani." Iwo anati zikomo. Galimoto ikamatuluka ndinkawaona pagalasi akuchepa, manja ali pa ndodo, fumbi likuwakuta. Pobwera madzulo tinkapeza jekete lili pamsomali.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti dongosolo lakelo linayenda bwino. Ndinkalakalaka tayala litaphulika kapena mlatho utatikana, koma ayi. Tinkafika pakhomo, kukhala pamphasa, kupatsidwa moni ndi aliyense mmodzimmodzi, iye n'kupepesa ndi mawu oyenera, nkhope ili yachisoni ndithu. Nthawi ikakwana foni inkanjenjemera m'thumba mwake, iye n'kuyamba kusisita maondo, kutsanzika. Ngakhale misozi ya azakhali anali ataiwerengera malo. Kumene tinayenera kudya tinadya, kumene tinayenera kungomwa thobwa tinamwa thobwa. Kusukulu anajambula ndege pa bolodi, chitseko chili kumanzere, ana kukamwa kuli yasa. Palibe khomo limene linatsala. Mpaka pano ku Zemba amanena kuti mwana uja ngakhale anapita kutali sanataye mwambo.

Tsiku lonyamuka anagwada pamaso pa atate n'kunena kuti chaka chamawa ulendo woyamba udzakhala wa kutsidya. Atate anamugwira pamutu, nati ayende bwino. Anali atavala jekete.

Chaka chamawacho sanabwere. Ndege inali ndi ulendo wa kudziko lina lakummwera, kumene nyenyezi zake sizioneka kwina, ndipo akuti popanda iye zinthu zikanasokonekera. Chaka chinacho kunabwera matenda aja anatseka maulendo. Pakati pamenepo maso a atate anayamba kuchita chifunga. Ankayamba kuphonya kapu pa tebulo, kenako chitseko. Ndinapita nawo ku Chipata ndikuganiza kuti ndi ng'ala yoti angochotsa, koma adokotala anati mtsempha wa m'maso ndi umene unauma, ndipo chimene chapita sichibwerera. Pofika nthawi ya dzinja ankangosiyanitsa usana ndi usiku. Ndinamuuza mlongo wanga pa foni. Anangofunsa dzina la mankhwala.

Ndiye tsiku lina masana, ndili pakati posoka mayunifolomu, anaimba foni mawu ali onjenjemera. Ndinaganiza kuti kwagwa maliro. Ayi, akuluakulu a kumeneko anali ataganiza zoimitsa ndege ija. Akuti anaika ntchito zawo zonse pamodzi, n'kuyerekeza zimene iliyonse imadya ndi zimene imabweretsa, ndipo ndege yawoyo inapezeka kuti ikudya zambiri. Anaichotsa kuti zina zingapo zipite patsogolo.

"Alongo, anthu awa sakumvetsa. Pali zinthu zimene ndege imeneyi yokha ndi imene ikanaziona. Sungangoika chilichonse pa sikelo n'kutaya chimene chapepuka."

Ndinachotsa phazi pa makina. Ndinafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka.

"Anakufunsa kuti ndi yofunika kwambiri, pakatikati, kapena ingadikire?"

Ndinamva akupuma, kenako foni inaduka. Sindinamuimbirenso.

Anabwera chilimwe chotsatira, ulendo uno wopanda tsiku lobwerera, khosi litaphwa. Kompyuta sanaitulutse. Anangoti mawa tikupita kutsidya. Ndinamuuza kuti wachedwa, koma atate atamva anaitanitsa jekete lawo. Ndinayenera kulibwezanso.

Msewu unali monga ananenera, wautali ndi wopanda poima. Titadutsa chipata cha malire tinayenda m'fumbi mpaka kudera limene atate ankalitchula, n'kufunsa kwa anthu a m'midzi ya kumeneko. Ambiri anali obwera nkhondo itatha. Chimwala chong'ambika? Wina analoza kum'mawa, wina kumpoto, mayi wina anati mapiri onse akuno ndi ong'ambika. Sananame. Kulikonse kumene tinkayang'ana kunali phiri la miyala, lililonse ndi mng'alu wake, ndipo timitsinje touma tinali paliponse. Tchire limene ine ndinkalikumbukira linali minda ya thonje.

Tinawatsitsa atate, ine mbali iyi, iye mbali iyo. Mlongo wanga anali ndi zithunzi za dera lonselo zojambulidwa kuchokera kumwamba, ndipo ankazikuza ndi zala pa foni n'kumawafotokozera atate phiri lililonse. Ili lili ndi nsonga ziwiri. Ili lili ndi mtengo pamwamba. Atate ankatembenuza nkhope uku ndi uku, maso ali otsegula.

"Thambo likuonekera pamng'alupo?"

"Pang'ono, atate. Tikasunthira kumanzere likuoneka."

"Nanga mtsinje uli kumbuyo?"

"Uli cham'mbali."

"Si pamenepa."

Tinayesa phiri lina, ndi linanso. Maondo awo atakana, mlongo wanga anawabereka kumsana, munthu wa madigiri ake thukuta lili kamukamu, minga ikumukola buluku. Sindinamumvere chisoni. Ndinkayenda kumbuyo kwawo nditanyamula ndodo ndi nsapato za atate, ndikuyang'ana nthaka iliyonse yotukuka ngati ingandiuze kanthu. Mwina tinawaponda amayi tsiku limenelo. Mwina tinali kutali ndi iwo ngati Mlolo ndi Chipata.

Dzuwa litapendeka tinakhala pansi pa mtengo m'mphepete mwa munda wa eni. Mlongo wanga anayang'ana foni yake nthawi yaitali, kenako anati malinga ndi zonse zimene atate anena, malowo sangakhale kutali ndi pamene takhalapa. Anati mwina tingothira ufawo pompano, poti kusiyana kwake n'kochepa.

Atate anagwira thumba la jekete ndi dzanja lonse.

"Ndithire pa munthu wa eni? Kapena pa chulu? Amayi anu ndiwauze kuti ana ndi awa, iwo ali phiri lina?"

Kenako anatembenukira kumene kunkachokera mpweya wa mwana wawo, n'kulankhula mofatsa, mopanda mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Tiyeni tizipita, bambo. Mungachedwe ku zanu."

"Ndilibe kothamangira, atate."

"Aa, anthu ngati inu simusowa zochita. Zangazi n'zazing'ono."

Mlongo wanga anabisa nkhope m'manja n'kuyamba kulira, mapewa akugwedezeka. Atate anapapasa mpaka anamupeza mutu n'kumamusisita. Ine ndinadzuka kukawaveka nsapato. Mwana ameneyu ndinamutonthoza mokwanira ali kumsana, ndipo tsiku limenelo ndinalibe chomutonthozera.

Mlongo wanga akadali kuno. Akuti akudikira mayankho a ntchito zina, ndipo masana amathandiza kusukulu masamu. Mmawa amakhala ndi atate pakhonde, nthawi ili tayale, kuwauza amene akudutsa pamsewu ndi mtundu wa njinga zawo. Anthu amati ndi mwana wabwino, ndipo ine sinditsutsa, ndimangoponda makina.

Tsiku lina pochapa jekete lija ndinapeza kansalu kaja m'thumba la m'kati, ufa utachita anankafumbwe. Ndinakataya kudzala, n'kumanga wina watsopano m'kansalu komweko. Atate amalivalabe mmawa uliwonse, ndipo asanakhale pansi amayamba apapasa thumbalo kuti amve ngati ufa ulimo.